Katundu Wosakwera Lole

Kwathu kuno kwa Mbenje mtengo wa chinthu timaudziwira ku msewu. Thumba la simenti likanyamuka ku Blantyre, n'kutsika phiri mpaka pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudutsa pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Sorgin, pofika pa Bangula limakhala litakwera mtengo, ndipo palibe amene amadabwa. Mwini golosale akanena kuti mafuta a galimoto akwera, timangopukusa mutu n'kupisa dzanja m'thumba. Tidakula tikudziwa kuti chodula ndi chinthu cholemera komanso chochokera kutali. Nanga katundu wopanda thupi, wosakwera lole, wosafuna mtengatenga kapena mlonda, angadule bwanji kuposa uja wobwera m'katoni? Kwa ena limeneli ndi funso longocheza nalo, koma kwa ine likukhudza mpamba umene ndimadyetsera ana.

Ntchito yanga ndi yosangalatsa anthu. Ndidayamba ndi kuonetsa mafilimu a pa kaseti m'kanyumba ka mabenchi, kenaka padabwera zimbale. Mafoni atachuluka, ndipo anyamata obena mafilimu mu memori khadi atadzaza pamsika, mabenchi anga adayamba kukhala opanda anthu. Ndipamene ndidatembenukira ku magemu. Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adanditumizira pa basi makina awiri a PlayStation 4 ogwirapo kale ntchito, ndipo kuyambira pamenepo achinyamata amalipira pa masewero alionse a mpira amene asewera. Gemu ya mpirayi imatuluka yatsopano chaka ndi chaka. Mpaka 2022 inkadziwika ndi dzina loti FIFA, ndipo kuyambira 2023 eni ake amaitcha EA Sports FC. Anyamata a pa Bangula amadziwa wosewera aliyense amene wasintha timu ku Ulaya. Akamupeza atavalabe jezi yakale pa kanema wanga, amanyamuka kupita kwa mnzanga.

Gemu imagulidwa m'njira ziwiri: pa chimbale, kapena poidawuniloda kuchokera m'sitolo ya pa intaneti. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga uja adandiimbira foni.

"Amalume, gemu munkafuna ija ndaipeza. Chimbale chatsopano, chosatsegula, m'shopu muno achitsitsa mtengo, ndipo chogwirapo kale ntchito n'chotchipa koposa. Koma pa intaneti ikadali pa mtengo umene idatulukira."

"Iwe mwana, usandinamize," ndidamuyankha. "Pa intanetipo palibe pulasitiki, palibe katoni, palibe kondakitala wa basi. Ndalama zinazo akulipiritsa za chiyani?"

Adaseka n'kunena kuti nayenso zimamudabwitsa. Yankho lake ndidalipeza pang'onopang'ono, ndipo mbali yaikulu ndidaipeza pamsika pathu pompano.

Pitani kumene amagulitsira nsomba za ku Elephant Marsh. Mlamba umene m'mawa mwini wake amakana kuchotserako ngakhale pang'ono, dzuwa likapendeka amachita kukuitanani yekha, pakuti kutentha kwa m'Chigwa cha Shire sikuchitira chifundo nsomba yaiwisi. Wogulitsa zimbale za magemu ali ngati mayi wansombayo. Adapikula katundu ndi ndalama zake, amalipira lendi, shelefu yake ndi yochepa, ndipo akudziwa kuti gemu yatsopano ili m'njira. Chimbale sichinunkha, koma chimawola mtengo, choncho bola achigulitse motchipa kusiyana n'kutsala nacho. Sitolo ya pa intaneti ilibe dzuwa lopendeka. Katundu wake satha ndipo sadzaza malo. Mwini wake akhoza kudikira chaka chathunthu osatsitsa, ndipo akatsitsa amatero pa nthawi imene wafuna yekha.

Chachiwiri achidziwa bwino alimi a thonje. Bambo anga ankalima thonje masiku amene wogula adali mmodzi yekha, ndipo mtengo umene wanenedwa pa sikelo udali womwewo, ufune usafune. Pa magemu zinthu zangotembenuka: ogula ndife ambiri, wogulitsa ndi mmodzi. Chimbale chimapezeka m'mashopu ambirimbiri olimbirana makasitomala, koma gemu yodawuniloda pa PlayStation imagulidwa m'sitolo ya Sony yokha, ndipo mu Epulo 2019 kampaniyi idasiya kulola mashopu kugulitsa manambala odawunilodera magemu athunthu. Masitolo akuluakulu a mtundu umenewu amatapapo pafupifupi K30 pa K100 iliyonse. Pa gemu ya madola 70, umene ndi mtengo wa magemu ambiri akuluakulu chitulukireni PlayStation 5 mu 2020, ndiye kuti madola 21 amatsala kwa mwini sitolo. Ku Britain nkhaniyi idafika mpaka kubwalo la milandu mu 2022, pamene ogula adasumira kampaniyi ndalama zokwana mapaundi pafupifupi 5 biliyoni ponena kuti ankalipiritsidwa mopyola muyeso.

Tisaiwalenso kuti pulasitiki ija ndi kagawo kakang'ono chabe ka mtengo wa gemu. Ndalama zambiri zimapita kwa anthu mazanamazana amene amakhala zaka akujambula, kulemba ndi kuyesa gemuyo, kwa otsatsa malonda, ndiponso kwa eni maina a matimu ndi osewera. Kuchotsa chimbale sikuchotsa malipiro amenewa. Komanso opanga magemu safuna kukwiyitsa eni mashopu amene amawagulitsira makina ndi zimbale, motero sayerekeza kuika mtengo wa pa intaneti pansi kwambiri pa tsiku limene gemu yatuluka.

Zimenezi zimavuta ngakhale wogula wa ku London. Koma ife a ku Nsanje tili ndi msewu wina wosaoneka umene katundu wopanda thupiyu amayendamo, ndipo pa chipata chilichonse pali wolipiritsa. Dziko la Malawi silili pa mndandanda wa maiko amene sitolo ija imawazindikira, choncho ambiri amatsegula akaunti ngati anthu a ku South Africa n'kumagula makhadi a ndalama ya randi kudzera mwa abale kapena ochita malonda, amene nawonso amaikapo phindu lawo. Ndalama yathu idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kufika pafupifupi K1,700 pa dola imodzi kubanki. Pa mtengo umenewo madola 70 adali K119,000, ndipo amene adayesapo kufuna ndalama zakunja akudziwa kuti mtengo wa kubanki ndi wa pa pepala. Mukalipira, gemu ija siidafike. Magemu amakono amaposa magigabayiti 30, ena amapyola 100, ndipo gigabayiti iliyonse imadya bandulo. Pamafunikanso magetsi oyaka maola ambiri osazima. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tidakhala miyezi yambiri tikuwerengera maola a magetsi pa zala. Chimbale chikakwera basi ulendo wake umodzi, chafika.

Komabe kudula kwenikweni kwa gemu yodawuniloda sikuonekera pa tsiku logula. Kumaonekera pa tsiku la mavuto. Munthu wa kuno akagula mbuzi sagula nyama yokha, amagulanso posungira ndalama. Mwana akadwala kapena fizi ikavuta, mbuzi imalowa pamsika. Chimbale chili chimodzimodzi: ndikhoza kuchigulitsa, kuchibwereketsa, kuchisinthanitsa ndi china, kaya kuchipereka chikole. Pogula chimbale ndimadziwa kuti gawo lina la ndalama zanga lidzabwerera. Koma podawuniloda, malinga ndi malamulo amene timavomereza osawerenga aja, munthu sagula gemu, amagula chilolezo choisewera, ndipo chilolezocho n'chomatidwa ku akaunti yake. Mu 2024 kampani ya Ubisoft idazimitsa gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew, ndipo onse amene adaigula adatsala chimanjamanja, ngakhale a zimbale omwe, popeza gemuyo sinkayenda popanda intaneti. Chaka chomwecho boma la California ku America lidakhazikitsa lamulo lokakamiza masitolo a pa intaneti kuuza wogula poyera kuti chimene akulipira ndi chilolezo chabe. Akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Izi ndidaziona ndi maso mu 2023, namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi. Munda wanga wa kudimba udakwiririka ndi mchenga, ndipo makolo amene adataya zonse sakadapatsa ana ndalama zosewerera mpira wa pa kanema. Ndidatenga zimbale zisanu ndi chimodzi, n'kukwera minibasi kupita ku Nchalo kumene anthu a m'minda ya nzimbe amalandira malipiro a pamwezi, ndipo ndidabwerako ndi chimanga chimene chidatifikitsa patsogolo. Mnzanga wina wa ntchito yomweyi, amene magemu ake onse adali odawuniloda, adandipeza ndikutsitsa thumba.

"Achimwene, inu mwagulitsa mazira n'kusunga nkhuku," adatero. "Ine kuti ndipeze ufa ndiyenera kugulitsa makina enieniwo."

Adagulitsadi, ndipo mpaka lero sadabwererenso pa ntchitoyi.

Sindikunena kuti chimbale chilibe chilema. Fumbi la mwezi wa Okutobala limachikanda, kutentha kumatopetsa diso la makina lowerengera, ndipo ana amachigwira ndi manja a mafuta a zitumbuwa. Madzi osefukira akalowa m'nyumba amakokolola zimbale pamodzi ndi mphasa, pamene akaunti ya pa intaneti simira: mwini wake akapeza makina ena, magemu ake amawapeza ali pomwepo, kungoti bandulo ayambirenso kugula. Zimbale za masiku ano nazonso zimapempha zowonjezera za pa intaneti zisanayambe kuyenda bwino. Ndipo nthawi zina sitolo ija imatsitsa mitengo kwa masabata angapo mpaka kuposa shopu ina iliyonse. Koma mwayi wotere umapindulira amene ali ndi ndalama zakunja m'manja pa sabata imeneyo, osati wodikira kuti thonje kapena chitowe chigulidwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti msika wa zimbale ukuphwa ngati thamanda m'chilimwe. PlayStation 5 idatuluka mu 2020 ili ya mitundu iwiri, wina wopanda polowetsa chimbale, ndipo wopanda polowetsayo ndiye adali wotchipa. Ogula a m'maiko olemera akazolowera kudawuniloda, sipadzakhalanso chimbale chakale choti chitsikire kuno, monga momwe kaunjika amatsikira. Amphawife takhala tikudya zotsala za msika wa eni ndalama, ndipo katundu wopanda thupi sasiya zotsala.

Alembi anzanga, nkhaniyi isakhale ya anyamata a magemu okha. Buku limodzi lachichewa limene ndidawerenga ndili ku pulayimale lidadutsa m'manja mwa mudzi wonse mpaka chikuto chidathothoka, ndipo wogula adali mmodzi. Nyimbo zidachoka pa kaseti, mafilimu adachoka pa chimbale, mabuku nawonso akulowera komweko. Tikamakondwa kuti sitidzalipiranso osindikiza ndi onyamula, tifunsenso kuti mwini sitolo yatsopanoyo ndani, atapapo zingati, ndipo mwana wa kwa Mbenje wopanda akaunti adzabwereka kwa yani.

Pakadali pano ine zimbale zanga ndimazipukuta ndi kansalu kofewa, n'kuziika m'chitini chotseka bwino, n'kupachika chitinicho ku denga kumene madzi a 2023 sadafike. Mu kabuku kamene ndimalembamo chuma cha pakhomo, zimbalezo zili pa tsamba limodzi ndi mbuzi.