Mbuzi yanga imagulidwa isanazingidwe

Akonzi, ndipatseniko danga ndiyankhule ndi alimi anzanga a mbuzi ndi nkhuku, makamaka ife a kuno ku Machinga ndi ku Balaka, za kugulitsa nyama pa foni. Ndakhala ndikuchita izi kwa zaka zitatu ndili konkuno ku Nselema, ndipo pali zina zimene anthu otamanda intaneti pawailesi sazitchula.

Mlimi wa mbuzi wakhala ndi njira ziwiri zogulitsira, ndipo zonse zimamufinya. Yoyamba ndi kuikokera yamoyo kumsika, wa pano kapena wa ku Ntaja. Venda akakuona ukubwera ndi chingwe m'manja amadziwiratu kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: kunyumba kuli wodwala, kapena mwana wabwezedwa kusukulu, kapena ufa watha. Amaigwira msana, n'kuitsina m'ntchafu, uku akupukusa mutu ngati wamva uthenga wa maliro, kenako n'kutchula mtengo. Ukakana, mnzake adzatchula womwewo, wachitatunso chimodzimodzi. Dzuwa likapendeka umaganizira zoikokeranso kumudzi, umangolola. Mu January ndi February, nkhokwe zikapepuka, mbuzi zimachuluka pamsika kuposa ozigula, ndipo tonde amene wamudyetsa zaka ziwiri amapita pa mtengo wa thumba la chimanga losadzaza n'komwe.

Njira yachiwiri ndi kuizinga wekha n'kuikoloweka pamtengo m'mbali mwa msewu. Apa mdani wako ndi dzuwa. Ogula a m'mawa amalipira mtengo wonse, koma ochenjera amadikira 3 koloko, nyama itada, ntchentche zitayamba msonkhano. Pamenepo sunganenerere. Yotsala umaipereka pangongole kwa anthu amene udzawalondola mpaka mvula kugwa.

Foni sinandipatse msika waukulu ayi. Chimene inasintha ndi chimodzi chokha: masiku ano ndimayamba ndagulitsa, kuzinga kumabwera pambuyo.

Lolemba ndimajambula kanema wamfupi, mbuzi ikuyenda ndi kudya, n'kumuponya pa gulu la WhatsApp. M'gululi muli aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena a m'maofesi a ku Ntaja, ku Nsanama ndi ku Liwonde, komanso owerengeka a ku Balaka. Ndimawauza kuti iyi ndi ya Loweruka. Mbuzi yathu yachikuda yolemera makilogalamu 25 ili moyo imatulutsa nyama makilogalamu 11 kapena 12, mafupa omwe. Aliyense amalemba zake: uyu kilo imodzi, uyu ziwiri, uyu mwendo wonse wakumbuyo. Chiwindi ndi nthumbwana sizichedwa, zimapita ola loyamba lomwelo, ndipo nthawi zina amayi awiri a sukulu imodzi amakanganirana pagulu pomwepo ine ndili phee. Ndalama zimalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba pofika Lachinayi madzulo. Makilo akapanda kukwana, mbuzi siifa. Amene walipira ndimamufunsa ngati ndimubwezere kapena adikire sabata yamawa. Ine ndataya chiyani? Gaga wa masiku asanu ndi awiri ndi makoko a nandolo. Mbuzi yamoyo siwola, ndipo mlimi amene sakuthamangitsidwa ndi dzuwa satsitsa mtengo.

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba mu 2013, koma kwa zaka zambiri ife kumudzi tinkangoziona ngati njira yolandirira kangachepe kuchokera kwa abale ndi kugulira mayunitsi. Zoti mlimi angalandirepo malipiro a katundu amene wogula sanamugwire n'komwe sizinkatilowa m'mutu. Ndaphunziranso kuwerenga kalendala ya anthu olandira pamwezi. Sabata yotsatira malipiro ndimatha kuzinga ziwiri. Pakati pa mwezi gulu limakhala zii ngati kumanda, ndipo sindivutika n'kujambula.

Koma makasitomala amene anandidabwitsa si a m'maofesiwa. Ndi ana athu a ku Joni. Kuno kulibe mudzi umene ulibe mnyamata ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Amatumiza ndalama pa Mukuru, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi: ndalama ya mbuzi ikadutsa m'manja awiri atatu, imakafika kwa mayi ili nkhuku. Achimwene adulapo ya thiransipoti, alamu abwerekapo pang'ono, mtengo wa mbuzi nawo akuti wakwera mwadzidzidzi. Ndiye ena anayamba kundiimbira okha, kuti ndalama ibwere kwa ine, mbuzi ipite kwa mayi.

Nyengo yake yeniyeni ndi Idi ya nsembe, imene mu 2025 inagwa mu June ndipo chaka chilichonse imafulumira ndi masiku 10 kapena 11. Mbuzi ya nsembe siigulidwa mwachisawawa. Iyenera kukhala yokwana chaka, yosapunduka, yosafa diso, yosadwala, yosawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mnyamata ali kutali sangaigwire, ndiye amafuna kuiona ndi maso pa foni. Amaimba usiku akaweruka, ine n'kulowa m'khola ndi tochi.

"Amalume, taitsegulani kukamwa tione mano."

Amadziwa, pajatu anakulira kubusa. Mbuzi ikapitirira chaka, mano awiri apakati a m'munsi amaguluka n'kumera akuluakulu, ndipo pamenepo palibe bodza. Akakhutira amati iyende aione miyendo, kenako atembenuzireni mbali inayo. Tikagwirizana ndimaimanga kansalu pakhosi, n'kulemba m'kope kuti ya uje. Tsiku lisanafike ndimaikweza pa kabaza wa njinga yamoto kukaisiya kumudzi kwawo, ndipo ntchito siitha mpaka nditatumiza chithunzi cha mayi ake atagwira chingwe.

Wina, amene anali atatha zaka zinayi osaponda kuno chifukwa cha mapepala, anandibwezera chithunzi choyamba. "Amalume, mbuziyo ndaiona kale. Ajambuleninso mayiwo pafupi, nkhope ioneke." Ndinabwerera. Mayiwo anayamba alowa m'nyumba kukasintha chitenje ndi mpango, ine ndikudikira pakhonde ndi mbuzi. Kuyambira pamenepo ndikapita kukasiya mbuzi sindipupuluma, ndipo foni ndimapita nayo yodzaza moto.

Pali china chimene chimandikhala pamtima, ndichinene. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, randi inakula mphamvu kuno. A ku Joni anapitiriza kugula mbuzi zathunthu osanenerera kwenikweni, pamene aphunzitsi anga ena anatsika kuchoka pa makilo awiri kufika pa theka. Mankhwala a njoka za m'mimba anakwera, thiransipoti inakwera, nanenso ndinakweza. Tsono ukaona bwino, mbuzi ya ku Nselema ikudyedwa ndi amene ali ndi randi kapena malipiro a pamwezi, pomwe mnansi amene inkamudyera chinangwa kumunda alibe foni ya WhatsApp, alibenso ndalama yolipiriratu Lachinayi. Kale ankatha kugula kamulu kamodzi madzulo mtengo utagwa. Kupambana kwanga kwamuchotsera kamulu kameneko. Sindinapeze yankho lokwanira. Chimene ndimachita n'chakuti mutu, mang'ina ndi mapapo sindiziika pa foni. Zimenezo zimagulitsidwa pakhomo pano, timilu ting'onoting'ono, ndipo agogo awiri a pafupi salipira.

Wogula nyama pa foni amalipira chinthu chimene sanachinunkhize, choncho zonse zimene akanaziona pabutchala ndiyenera kumuonetsa ine. Amazinga ndi mwalimu wa pamzikiti wathu, munthu wodziwika, ndipo ndimajambula. Mkhristu sasamala kuti wazinga ndani, koma Msilamu sagula ngati sakudziwa, ndipo dera lino Asilamu ndiwo ambiri. Kenako mlangizi wa ziweto amabwera kudzayeza. Amayang'ana chiwindi, mapapo ndi nyama yonse, akakhutira n'kudinda chidindo. Chidindocho ndimachijambula. Tsiku lina anataya chiwindi chonse chifukwa munali tizilombo, ndipo mayi amene anachilipira ndinawabwezera ndalama yawo ndi chithunzi chake chomwe. Mayi amenewo ndiwo andibweretsera anzawo ambiri kuposa wina aliyense. Sikelo nayo imaonekera: phukusi lililonse ndimalijambula lili pa sikelo, dzina la mwini wake lili pambali.

Ndikudziwa kuti alipo ena ogulitsa pa Facebook amene amadumpha zonsezi, ati kuyezetsa n'kutaya ndalama ndi nthawi. Amenewa akutikumbira dzenje tonse. Tsiku limene banja lina lidzatsekule m'mimba chifukwa cha mbuzi yofa yokha yogulidwa pa foni, anthu sadzafunsa kuti anagulitsa ndani, adzangoti nyama ya pa intaneti. Chimodzimodzi ndi mbuzi yamoyo: poisamutsa pamafunika chitupa cha a zaziweto, ndipo ine ndimatenganso kalata ya amfumu, chifukwa kuba mbuzi kuno n'kosasimbika ndipo wa kabaza wopanda pepala pa rodibuloko amaoneka ngati wakuba.

Za akuba zomwezi, musamajambule khola lonse. Kanema wa mbuzi amayenda kutali kuposa kumene munamutumiza. Ine ndimaitulutsa imodzi, n'kuijambulira kuseri kumene sikuoneka nyumba, njira kapena chitseko cha khola. Aliponso akuba a mtundu wina. Munthu amaitanitsa mwendo wonse, n'kutumiza uthenga wooneka ndendende ngati wa kampani ya foni kuti ndalama yalowa, kenako n'kuimba mwachangu kuti wa kabaza wake ali panjira. Zandichitikirapo kawiri. Ndinayang'ana ndalama zotsala mu foni, sizinasunthe, ndipo wa kabazayo anabwerera chimanjamanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uthenga si ndalama.

Chovuta kwambiri ndi msewu, ndipo apa foni ilibe mphamvu. Timazinga m'bandakucha, cha m'ma 5 koloko, kuti nyama ikhe magazi ndi kuzizira ili pambalambanda. Mukaikulunga mu jumbo ikadali yofunda imachita thukuta, pofika masana yayamba kafungo. Ikazizira ndimaiika m'bokosi la madzi oundana, amene ndimagula kwa a golosale okhala ndi firiji. Magetsi akazima usiku wonse madziwo kulibe, ndipo tsiku limenelo sindipyola ku Nsanama, a ku Liwonde ndimawaimbira kuti tidikirane. Msewu wa Bakili Muluzi ulipo, watala, koma minibasi siinyamuka isanadzaze, ndipo imaimanso ku Ntaja ndi ku Nsanama kudikira anthu. Ndimafuna nyama ikhale itafika ku Liwonde 10 koloko isanakwane. Amene amadziwa kutentha kwa chigwa cha Shire mu October andimvetsa. A ku Balaka ndimawatumizira mu June ndi July mokha, kukamazizira. Pa Facebook pamabwera anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe kufunsa mtengo, ambiri n'kuzimiririka, koma ngakhale otsimikiza ndimawakana. Bandulo yanga imathera pa iwowa, phindu lenileni lili pa gulu laling'ono lija la anthu odziwana.

Nkhuku za lokolo zilibe mavuto ambiri chifukwa zimayenda zamoyo m'dengu. Anthu a m'tauni atopa ndi zoyera zija za masabata asanu ndi limodzi, amafuna tambala wa miyezi isanu ndi umodzi wa msuzi wake. Mdani ndi chitopa basi. Katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso katatu pa chaka, ndi wotsika mtengo kuyerekeza ndi kubweza ndalama za anthu khumi amene analipiriratu za Khrisimasi.

Mavenda sindikuwanyoza, ndipo sadzatha. Mwana akadwala usiku, venda ndiye amakupatsa ndalama m'manja m'mawa mwake, pamene njira yangayi imafuna sabata yathunthu ndi mtima wodekha. Imathandiza mlimi amene wakonzekera, osati amene moto wamuyakira kale.

Vuto limene ndili nalo tsopano ndi lakuti khola langa ndi laling'ono. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, mwana wake n'kufuna chaka kapena kupitirira kuti afike pozingidwa, ndipo gulu likufuna nyama kawiri katatu pa mwezi. Ndikanatha kumakagula zotchipa kumsika kwa alimi opanikizika n'kumazijambula ngati zanga, koma pamenepo ndasanduka venda yemwe uja, kungoti wa foni. M'malo mwake tagwirizana anthu anayi a mudzi uno kuti tizisinthana Loweruka. Mwini mbuzi amatenga ndalama yonse, kupatula ya mwalimu, ya mlangizi, ya madzi oundana, ya minibasi ndi ya bandulo. Takanganapo kale za sikelo, poti wina amafuna tizigwiritsa ntchito yake, komanso za tonde wina wosafula amene ndinakana chifukwa nyama yake imanunkha ndipo dzina limene lili pa gululo ndi langa. Mwini wake sanandipatse moni masabata awiri.

Ya Loweruka likubwerali ndi ya mayi wina wamasiye wa m'gulu lathuli, mbuzi yofula ya zaka ziwiri imene mavenda anaitchulira mtengo wachipongwe mwezi wathawu, iwo n'kubwerera nayo. Pamene ndikulemba kalatayi ndi Lachitatu masana. Makilo 8 alipiridwa, atsala 3, ndipo mayiwo abwera kale kawiri kudzafunsa ngati foni yalira.