Fungo la Waya Wopserera

Mu Januwale 2015 madzi a mtsinje wa Ruo analowa m'nyumba ya agogo anga ku Makhanga, m'boma la Nsanje, iwo ali m'tulo. Anapulumuka chifukwa mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo anawabereka kumsana mpaka pamtunda. Mbuzi zawo zitatu ndi nkhokwe ya mapira zinapita. Nditakawaona ku msasa wa anthu othawa madzi, sanadandaule za mbuzizo. Anangoti, "Mdzukulu wanga, chikhala kuti wina anatidzutsa msanga."

Mawu amenewa ndinabwerera nawo ku Blantyre, kumene ndinkaphunzira za magetsi pa sukulu ya ukachenjede. Chaka chotsatira aphunzitsi athu anatigawa m'magulu a anthu anayi anayi, nati gulu lililonse lipange chipangizo chothandiza anthu. Ine sindinachedwe. Ndinauza anzanga kuti tipange kachipangizo komangirira pa mlatho, kotumiza uthenga pa foni madzi akayamba kukwera. Mutu umodzi susenza denga, tinagawana ntchito. Mtsikana yekhayo wa m'gulu lathu anatenga yolemba pulogalamu, awiri anatenga ya batire ndi sola, ine ndinatsala ndi yolumikiza mawaya.

Papepala zonse zinkaoneka zophweka. Kachipangizo kotchedwa HC-SR04 kamatulutsa phokoso loti khutu la munthu silimva, phokosolo likagunda pamwamba pa madzi limabwerera. Popeza phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, kabolodi ka Arduino kamawerengera nthawi imene lapita ndi kubwerera, n'kudziwa kuti madzi ali pataliko bwanji. Mtundawo ukafupika, ndiye kuti mtsinje wakwera, ndipo kachipangizo kena kolowetsamo simu khadi, SIM800L, kamatumiza uthenga.

Vuto linali kupeza zipangizozo. Tinasonkha ndalama imene tinkayenera kudyera, n'kutuma munthu wina wa geni amene ankapita ku Johannesburg. Tinadikira milungu itatu tikudya bonya ndi soya. Tizipangizo tina ting'onoting'ono tinakatola kwa okonza mawailesi mu msika wa Limbe, tikumadzilimbitsa mtima kuti William Kamkwamba naye anayamba ndi zotola pa mtaya ku Kasungu pamene ankapanga makina ake a magetsi oyendera mphepo.

Katunduyo atafika, tinagwirizana kuti tiyambe m'mawa tonse tili pamodzi. Koma ine mtima unakana kudikira. Usiku womwewo, anzanga atagona, ndinatenga SIM800L ija n'kuilumikiza ku batire ya njinga yamoto imene tinabwereka. Batireyo inali ya ma volt 12, pamene kachipangizoko kamafuna pafupifupi ma volt 4 okha. Ndinangomva kuti thi! Kautsi kanatuluka, m'chipinda monse munadzaza fungo la waya wopserera. Chakudya cha anthu anayi cha milungu itatu chinathera pompo.

Usiku umenewo sindinagone. Maganizo ena ankandiuza kuti ndingokabwezera m'kapepala kake, mawa tidzati wogulitsa uja anatipatsa chakufa kale. Ndani akanadziwa? Ndinakabwezeradi. Koma m'mawa, nditaona mnzathu wa pulogalamu uja akuyesa mobwerezabwereza, akumadziimba mlandu kuti mwina walakwitsa polemba ndi iyeyo, manyazi anandigwira. Ndinaulula.

"Aise, ukanangotidzutsa," anatero mmodzi, osandiyang'ana n'komwe. Panalibe wina anawonjezerapo. Kukhala chete kwawo kunandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Bambo wina wachikulire amene ankasamala labu yathu anamva nkhaniyi. Anatsegula kabati yake, natulutsa kachipangizo kena kotsala kwa ophunzira akale, koma asanandipatse anandigwiritsa kaye mita yoyezera magetsi. "Ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Muziyeza musanalumikize." Anatisonyezanso kuti tiike kotsitsa mphamvu ya magetsi pakati pa batire ndi kachipangizoko, komanso capacitor yaikulu, chifukwa potumiza uthenga kamakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi.

Patatha milungu iwiri tinayesa koyamba, m'bafa ya ku hositelo. Tinamangirira zonse pa ndodo ya mopu, pansi tinaika ndowa. Mnzathu ankathira madzi pang'onopang'ono ndi jagi, tonse maso ali pa foni yanga. Ndowa itatsala pang'ono kudzaza, foni inalira. Uthenga wake unali wa mawu awiri: MADZI AKWERA. Tinakuwa ngati tagoletsa chigoli pa Kamuzu Stadium.

Madzulo ake ndinaimbira agogo kudzera pa foni ya amalume, n'kuwafotokozera zonse monyadira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Wachita bwino, mdzukulu wanga. Koma nanga ine wosadziwa kuwerenga? Ndipo foni ya amalume akoyi imagonera kochajitsa. Bwanji osaika chinthu cholira ngati belu la ku tchalitchi, choti mudzi wonse udzuke?"

Ife anayi, ndi masamu athu onse, palibe anali ataganizapo zimenezi. M'mawa mwake tinabwerera ku Limbe kukafunafuna hutala yakale ya galimoto. Titaipeza, ndinayamba ndatulutsa mita ija m'thumba.