Mwini Ulendo ndi Mwera

Ife a m'tauni nyanja timaidziwira m'mbale. Tikadya chambo mu Lilongwe kapena kugula usipa ku Limbe, basi timati Nyanja ya Malawi taimaliza. Chonsecho nyanja ija ndi msewu, msewu wakale kuposa wa tala uja wodutsa m'mphepete mwake, ndipo wofuna kuudziwa bwino akwere ngalawa ya thanga.

Ineyo ndidakwera ina m'mwezi wa Julayi, kuchokera ku Senga Bay kulowera ku Nkhata Bay, tilipo anthu anayi. Nyengo imeneyi mwera umakhala utalimba, ndiye wopita kumpoto amangokankhidwa kumsana. Woyendetsa wathu, bambo wachikulire wa ku Likoma, wotchi adalibe nayo ntchito. Ndikafunsa kuti tifika liti, ankangoloza thanga n'kunena kuti, "Funsani ameneyo, achimwene."

Poyamba yankholi linkandiwawa, poti tidazolowera minibasi ife, kukalipira dalaivala akachedwa. Koma pamadzi palibe womukalipira. Injini kulibe, umangomva madzi akunyambita m'mbali mwa ngalawa, chingwe chikulira pamlongoti, ndi nkhwazi patali. Mphepo ikagona, nanunso mumagona pomwepo. Ikalusa, mumathawira kudoko.

Ndi mmene tidakhalira masiku awiri pa Nkhotakota, kudikira mafunde aphwe. Pamalopa munthu sangaliyang'ane thanga ndi mtima woyera wokhawokha. Kuchokera padoko limeneli, zombo za Jumbe zinkaolotsa akapolo kupita nawo kutsidya, komwe ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Mphepo yomwe inkandisangalatsa ine ndi yomweyo idawalekanitsa ndi kwawo. Pa Nkhotakota pomwepo pali manda a Bishopu Chauncy Maples, amene adamira mu 1895 ngalawa yake ya thanga itagubuduzika ndi namondwe. Wina angati vuto lidali thanga. Nanga Vipya, sitima ya injini, siidamire mu 1946 n'kutenga miyoyo 145? Nyanjayi siyang'ana chomwe wakwera, imayang'ana ngati ukuimvera.

Kumverako ndi sukulu, ndipo bambo aja adaikhoza. Ankasiyanitsa mwera, mpoto ndi vuma asanafike, pongoona mtundu wa madzi ndi kakhalidwe ka mitambo pamapiri a kutsidya. Ankadziwa gombe lobisalapo ndi gombe la miyala yobisika. Zonsezi adaziphunzira ali mnyamata, pothandiza m'zombo zoyenda pakati pa Likoma, Chizumulu ndi Cobue ku Mozambique. Palibe buku lomwe adawerenga, palibenso lomwe adzasiye.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Anyamata a kunyanja maso ali pa injini, ndipo sindingawanene: wodwala sadikira mphepo, nsomba nayo imaola. Koma petulo akasowa, monga amachitira kuno kwathu, injini imangokhala chitsulo cholemetsa boti, pomwe mwera sufuna ndalama zakunja. Tikapanda kusamala, thanga lidzatsala la alendo okha odzapuma, mwana wa ku Likoma n'kumalijambula ngati chinthu chachilendo.

Pa Nkhata Bay tidafika tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Ulendo womwewo basi imautha tsiku limodzi. Potsitsa thanga, bambo aja adandipatsa chingwe kuti ndimange, n'kundionetsa mfundo yake kawiri. Adati mdzukulu wawo adakana kuiphunzira.