Usiku Umene Oliver Twist Anafika ku Chaisa

M'caka ca 2009, nthawi ya dzinja, pamene matope anali atatseka tinjira ta m'Chaisa, mng'ono wanga anabwera ndi cimbale ca DVD cimene anagula m'tauni. Linali sewero la Oliver Twist, limene a BBC anaonetsa pa wailesi ya kanema ku Mangalande m'caka ca 2007, m'zigawo 5. Nkhani yace inacokera m'buku la Charles Dickens, limene linayamba kusindikizidwa m'caka ca 1837, caka comwe Mfumukazi Victoria analowa ufumu.

Anansi anadzaza cipinda cathu, akulu pamipando, ana pamkeka. Ine, popeza ndinaphunzirako Cingelezi, ndinakhala womasulira.

Coyamba cimene cinadabwitsa anthu ndi umphawi. Mkulu wina, amene anagwira nchito ya ukhukhi kwa Azungu boma la Federation lisanathe mu 1963, anapukusa mutu nati, "Mwana wanga, ukutinamiza. Mzungu kugona ndi njala?" Ndinawauza kuti lamulo la m'caka ca 1834 linakankhira osauka m'nyumba za nchito, kumene anali kudya phala lamadzi-madzi, ndi kuti Dickens mwini wace, ali ndi zaka 12, anagwira nchito m'fakitale ya polishi ya nsapato pamene atate wace anali m'ndende cifukwa ca ngongole. Mkuluyo sanayankhe, anangosendeza mpando wace kufupi.

Anyamata a Fagin sanadabwitse munthu ai. Tonse tinali kuwadziwa: ndiwo aja ogona m'makhonde a masitolo mu Cairo Road.

Mkangano weni-weni unabuka pa Nancy. Amene anasewera mbali yace ndi Sophie Okonedo, mkazi wa khungu lathu, ndipo amai onse anamtenga ngati mbale wao. Pamene Bill Sikes anamupha, mai wina anaimirira nakalipa, "Citsiru! Anali kudikira ciani osathawa?" Mnzace, amene tonse tinali kumva kulira kwace usiku kupyola cipupa, anayankha motsitsa mau, "Akanathawira kwa yani, amai?" Cipinda conse cinati zii. Pambuyo pace ndinawerenga kuti pamene a BBC anaonetsa sewero lina la buku lomweli mu 1962, imfa ya Nancy inakwiyitsa oonera ambiri, kotero kuti nkhaniyo inafika ku Nyumba ya Malamulo ku London. Iwo anadandaula kuti nkhanza zotere zisaoneke pa kanema. Ife kwathu tinali kuzimva popanda kanema.

Koma cimene cinandilasa ine cinacitika poyambirira. M'nyumba mwathu munali mnyamata wa zaka 9, mwana wa malemu mlongo wanga. Pamene Oliver ananyamula mbale yace kukapempha phala lina, ana anga anafa nazo nseko poona nkhope ya mkulu wogawa cakudya. Mnyamata uja sanaseke. Anayang'ana pansi, nayamba kutosa-tosa mkeka ndi cala.

M'mawa mwace ndinacita cinthu cimene ndinali ndisanacitepo: ndinapenyetsetsa pogawa nsima. Mkazi wanga sali munthu wouma mtima, ndipo ufa unali wocepa ndithu mwezi umenewo. Koma ndinaona kuti mitanda inayambira kwa ine, kenaka kwa ana athu, ndipo iye anatsalira pa nkhoko. Zaka ziwiri zinapita cotero, ine malume wace, mwini mbumba, ndiri kumasulira mabvuto a ana a ku London.

Madzulo ndinamuitana kuti adzadye nane m'mbale imodzi. Anasamba m'manja, nakhala kumphepete kwa mkeka, natema mbamu ziwiri zokha.

"Idya, mphwanga," ndinatero.

"Ndakhuta, amalume," anayankha, maso ali kwa mkazi wanga.