Nsapato Zopyapyala pa Phiri la Bunda

Mwezi watha ndinakwera phiri la Bunda kukapemphera nditavala nsapato zanga zachikopa, zolalikira nazo zija. Potsika ndinaterereka pathanthwe, bondo kutupa masabata awiri.

Mayi busa anakandigulira pa kaunjika nsapato zothamangira m'mapiri, zopepuka, zopyapyala kunsi kwake. Ine kudandaula: "Mayi, timapepala iti tingateteze phazi?" Koma Lachisanu nditakweranso, kamwala kalikonse ndimakamva, ndiye ndimaponda mosamala, pang'onopang'ono. Akatumba anawawa ndithu, koma sindinagwe.

Mwina nanunso Mulungu wakuchotserani zofewa zomwe munkadalira: ntchito, ndalama, anzanu aja. Musafulumire kunena kuti wakutayani. Akufuna muzimva pomwe mukuponda.

Amene mwamva, lembani Amen.