Kangodya Kosowa

Ana ambiri a ku sekondale amathawa masamu a quadratic ngati aona njoka. Ine ndimaona kuti vuto limayamba mwana akauzidwa kuloweza fomula asanaone kumene idachokera. Choloweza chimathawa m'chipinda cha mayeso, pomwe kiredi ya masamu pa MSCE ndiyo imatsegula khomo la maphunziro ambiri a ku yunivesite.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye ku Area 18 mu Lilongwe, adabwera madzulo ena nkhope itagwa. Adali Fomu 3.

"Amalume, completing the square yandikanika. Nambala timawonjezerayi imachokera kuti?"

Ndidatola khala pa mbaula n'kulemba pa simenti ya pakhonde: x² + 10x = 39. Ndidajambula sikweya ya mbali x. Kenaka ndidagawa 10x pawiri, n'kujambula timadimba tiwiri, kalikonse x mulitali ndi 5 mulifupi, kena kudzanja lamanja la sikweyayo, kena kumunsi kwake.

"Tayang'ana bwino. Chikusowa n'chiyani kuti ikhale sikweya yaikulu?"

Adakhala chete kanthawi, kenaka adaloza pangodya. "Apa, amalume. 5 kuchulukitsa ndi 5. Ndi 25!"

Zotsalazo adamaliza yekha. Adaphatikiza 25 mbali zonse ziwiri, 39 n'kukhala 64. Sikweya ya 64 mbali yake ndi 8, choncho x + 5 = 8, ndipo x ndi 3. Adayesa: 9 kuphatikiza 30 ndi 39.

Samu imeneyi si yanga. Idalembedwa ku Baghdad cha m'ma 820 ndi katswiri al-Khwarizmi, m'buku limene dzina lake lidatipatsa mawu akuti algebra. Iye ankafotokoza zonse m'mawu ndi m'zojambula, popanda zilembo ngati x. Yankho lachiwiri, -13, sadaliwerengere, chifukwa mbali ya munda singakhale yochepera pa ziro. Lero wolemba mayeso ayenera kupereka onse awiri, pakuti -8 kuchulukitsa ndi -8 ndi 64 yomweyo.

Fomula imene ana amaloweza ija ndi njira yomweyi, kungoti yachitidwa ndi zilembo a, b ndi c. Amene waona kangodya kosowako, ngakhale fomula imuthawe, atha kuimanganso yekha. Aphunzitsi athu amathamanga ndi silabasi, ana ali thothotho m'kalasi. Koma kujambula sikweya pa bolodi sikudya nthawi yaitali. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.