Tayala la ababa landipeza ku Wakefield

Anzanga a unamwino mukudziwa kuti ntchito yathuyi ndi ya mapazi. Maola 12 mu wodi, kuthamangira belu, kutembenuza odwala, kukankha mabedi, mpando kumangouonera patali.

Chaka chatha chidendene chakumanja chinandigwira. Ndikadzuka m'mawa, kuponda koyamba kumakhala ngati ndaponda msomali. Ndinapirira miyezi itatu mpaka ndinayamba kutsimphina pamaso pa odwala. Wa zamafupa atandiyeza anati ndi plantar fasciitis, kupweteka kwa mtsempha wochokera ku chidendene kukafika ku zala. Anandiphunzitsa kuwongola mwendo, kugubuduza botolo lozizira kuphazi, nati ndisiye nsapato zopyapyala, ndigule za othamanga.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinabwera kuno mu 2005 nditatenga dipuloma yanga kumudzi, ndipo phazi lomwelo ndi limene limalipira lendi, fizi ya ana awiri a malemu achimwene, ndi feteleza wa amayi. Likakana, anthu asanu ndi mmodzi agona ndi njala.

Loweruka ndinapita ku Trinity Walk. Mnyamata wogulitsa ananditulutsira nsapato yakuda ya Adidas, naitembenuza. Pansi pake panali dzina lakuti Continental. Anandiuza monyadira kuti labala wakeyo ndi wa kampani ya matayala ya ku Germany, choncho sinditerereka pamalo onyowa. Ine ndinangokhala pansi, nsapato ili m'manja, mtima uli ku Lunzu.

Ababa anga ankasoka nkhwayira pamsika wa Lunzu. Ankagula matayala akutha a malole, n'kuwacheka ndi mpeni wonola pamwala. Munthu ankaponda pa tayalalo, iwo n'kulemba phazi lake ndi choko, malamba n'kudula ku chubu. Alimi ndi a njinga za makala ankazikonda chifukwa minga sinkalowa ndipo zinkatha zaka. Koma ine zinkandichititsa manyazi. Anzanga ankavala sofiya, ena za ku Bata. Nditasankhidwa kupita ku sekondale anandisokera zanga, zamalamba opyapyala bwino. Ndinaziika pansi pa sutikesi ndipo sindinazivale ngakhale tsiku limodzi. Pa holide anandifunsa kuti, "Mwanawe, zija zikukukwana?" Ndinati eya. Anayang'ana mapazi anga, osanenanso kanthu.

Nditabwerako ku shopu kuja ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti nsapato zamasewera zambiri nzeru zake n'zobwereka. Mu 1935 anzake asanu ndi mmodzi a Vitale Bramani wa ku Italy anafera m'mapiri a Alps, iye n'kuona kuti nsapato zosayenera zinathandizira ngoziyo. Mothandizidwa ndi kampani ya matayala ya Pirelli, mu 1937 anatulutsa labala wa mano wa Vibram, amene okwera mapiri akupondabe mpaka lero.

Mu 1971 Bill Bowerman, mphunzitsi wa othamanga ku Oregon komanso mmodzi mwa oyambitsa Nike, anathira labala m'chiwaya cha mkazi wake chophikira mikate ya timabowo yotchedwa waffle. Chiwaya chinawonongeka, koma munatuluka maganizo a soli yopepuka yogwira pansi popanda misomali, ndipo mu 1974 inatuluka Waffle Trainer. Mu 1977 Frank Rudy, injiniya wa za ndege ndi zombo za mumlengalenga, anapita ku Nike komweko ndi nzeru yotsekera mpweya m'kathumba pansi pa chidendene. Nsapato yoyamba yotero, Tailwind, inaoneka mu 1978. Zija zofewa zotchedwa Boost, zomwe Adidas inatulutsa mu 2013, thovu lake linachokera ku BASF, kampani yopanga makemikolo.

Nkhaniyi siyakutali ayi. Ku Horbury, pafupi ndi pano, kunali fakitale ya zamasewera ya William Sykes, yomwe inalowa m'manja mwa Slazenger mu 1942. Mu 1959 Slazengeryo inagulidwa ndi Dunlop, kampani ya matayala yomwe inkapanganso nsapato za tenisi za Green Flash. Ndipo John Boyd Dunlop mwiniwakeyo, amene anapanga tayala lopopa mu 1888 ku Belfast, anali dokotala wa ziweto.

Sindikuti ababa anali ofanana ndi mainjiniya amenewa. Nkhwayira n'zolemera, n'zouma, ndipo wa zamafupa uja sakanandilola kuzivala mu wodi. Koma funso lomwe anadzifunsa ndi lomwelo: ngati labala uyu wapirira msewu wa M1 atasenza matumba a chimanga, angalephere kusenza munthu? Anzawo aja anali ndi mafakitale ndi mapepala oteteza nzeru zawo. Iwo anali ndi mpeni, choko, ndi mwana wochita nawo manyazi. Akulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma ine mwambiwu ndaumvetsa ababa atagona kale kumanda chaka cha 2011.

Chidendene chinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti chipole. Si nsapato yokha, kuwongola mwendo kuja kunathandiza kwambiri. Anzanga, musapirire ngati ine. Phazi likayamba kudandaula kaonetseni msanga, ndipo nsapato ikaphwa pansi isintheni ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano.

Masiku ano ndikakhala pa ofu Loweruka, ndimapita ku Thornes Park 9 koloko m'mawa kukazungulira nawo makilomita 5. Sindithamanga kwenikweni, ndimangokhala kumbuyo ndi agogo achizungu. Mwezi wathawu ndinaimbira amayi kuwafunsa ngati sutikesi ija ikadalipo. Anati ili pansi pa bedi, ndipo nkhwayira zili momwemo, sizinang'ambike n'komwe. Ndawauza kuti asapatse munthu. Ndikubwera mu Ogasiti, ndidzaziyesa.